Buluu ndi Wobiriwira: Mafoni Akakana Kumvana pa Gulu Limodzi

Pa 7 Sepitembala 2022, holo ya hotela ina ku Beverly Hills, m'chigawo cha California ku America, inadzaza ndi akuluakulu a makampani a makompyuta ndi mafoni. Kutsogolo kunakhala Tim Cook, mkulu wa kampani ya Apple. Pambali pake panali Jony Ive, amene kwa zaka zambiri ankakonza maonekedwe a iPhone, ndi Laurene Powell Jobs, mkazi wa malemu Steve Jobs. Tsiku lomwelo Apple inali itangoonetsa iPhone 14.

Itakwana nthawi ya mafunso, munthu wina mwa omvera anaimirira.

Funso lake linali la kunyumba.

Ankafuna kudziwa ngati Apple idzakonze kayendedwe ka mauthenga pakati pa iPhone ndi mafoni a Android. Cook anayankha kuti sakumva eni ma iPhone akupempha kuti kampaniyo itayirepo mphamvu zambiri pa nkhani imeneyo. Munthuyo sanakhale pansi. Anati iye ndi mayi ake amalephera kutumizirana mavidiyo ena.

"Agulireni amayi anu iPhone," anatero Cook.

Anthu anaseka chikhakhali.

Patangotha miyezi 18, mawu omwewa anapezeka atalembedwa m'chikalata cha mlandu umene boma la America linasumira Apple.

Kwa munthu wa ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Area 25, nkhaniyi ikhoza kumveka yachilendo. Kuno wa Tecno, wa itel, wa Samsung ndi wa iPhone amasonkhana pa gulu limodzi la WhatsApp, kusonkherana za maliro, kukonza chinkhoswe, kukangana za Bullets ndi Wanderers, popanda wofunsa mnzake mtundu wa foni.

Nanga ku America, kumene iPhone ndi Android zinayambira, chinavuta n'chiyani?

Munthu mmodzi akangolowa

Mafoni amakono pafupifupi onse amayendera imodzi mwa mapulogalamu awiri akuluakulu. Ya Apple, yotchedwa iOS, imapezeka mu iPhone mokha. Ya Google, yotchedwa Android, imapezeka m'mafoni a Samsung, Tecno, Infinix, Xiaomi ndi ena ambiri. Pa dziko lonse, mafoni pafupifupi 7 pa 10 alionse ndi a Android. Ku America zinthu n'zotembenuka: oposa theka la eni mafoni amakono ali ndi iPhone.

Anthu a kumeneko sanazolowere WhatsApp ngati ife. Akafuna kulemberana amatsegula pulogalamu ya mauthenga yomwe inabwera ndi foni.

Tiyerekeze anthu asanu ndi anayi ogwira ntchito pamodzi, onse a iPhone. Apanga gulu. Mauthenga awo akuyenda pa iMessage, njira ya Apple yodzera pa intaneti, ndipo zimene aliyense walemba zikuoneka m'kabokosi ka buluu. Zithunzi zikufika zowala. Mnzako akamalemba ukumuona. Gululo alipatsa dzina. Wotopa nalo akhoza kutuluka. Uthenga uliwonse ndi wokhomedwa, woti ngakhale kampani ya netiweki singauwerenge.

Kenako alowetsa wachikhumi. Iyeyu ali ndi Samsung.

Mpaka chaka cha 2024, pamenepo zonse zinkagwa.

Popeza iMessage sigwira pa Android, gulu lonse linkatsikira pa MMS, njira yakale yotumizira zithunzi kudzera ku kampani ya netiweki. Timabokosi tonse tinkasanduka tobiriwira. Vidiyo ya mwana akuyamba kuyenda inkafinyidwa kuti ikwane pafupifupi megabaiti imodzi, mpaka nkhope kusazindikirika. Wofuna kutuluka pa gulu sankatha. Wofuna kuwonjezera munthu ankayenera kuyamba gulu latsopano. Makampani ambiri a netiweki sankalola anthu oposa 10 kapena 20 pa gulu limodzi. Mauthenga ena ankafika mosinthana, yankho patsogolo funso pambuyo. Ena sankafika n'komwe.

Loko uja ankachokanso.

Chotopetsa kwambiri chinali kachizindikiro ka chala kapena ka mtima. Wa iPhone akadina kuti wakonda zimene mnzake walemba, wa Android ankalandira uthenga watsopano wa m'Chingerezi, wonena kuti uje wakonda zakutizakuti, n'kubwereza mawu onse aja. Anthu asanu ndi atatu akakonda, foni inkalira kasanu ndi katatu.

Mlandu unkagwera wa Samsung uja.

Mu Januwale 2022, nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba nkhani yaitali ya momwe achinyamata a ku America amanyozera kabokosi kobiriwira. Ena ankasiyidwa dala pa magulu a anzawo a kusukulu. Kafukufuku wa kampani ya Piper Sandler wa nthawi imeneyo anapeza kuti achinyamata 87 pa 100 alionse kumeneko anali ndi iPhone.

Amalawi opita ku America kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, monga amene akhazikika ku South Bend m'chigawo cha Indiana, amakumana nazo zimenezi. Gulu la kumudzi lili pa WhatsApp ndipo likuyenda bwino. Koma gulu la kuntchito, la makolo a kusukulu ya ana, kapena la anzawo a m'kalasi, nthawi zambiri limakhala pa mauthenga wamba a foni. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Manchester sadandaula zotere, chifukwa kumeneko WhatsApp ndiyo inafala.

Momwe zinayambira

Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992. Injiniya wa zaka 22, Neil Papworth, anaulemba pa kompyuta n'kuutumiza ku foni ya mkulu wina wa kampani ya Vodafone. Unali wofunira Khirisimasi yabwino. SMS inapangidwa kuti izinyamula zilembo 160, kuchoka kwa munthu mmodzi kupita kwa mnzake. MMS inabwera cha m'ma 2002 kuti izinyamulako tizithunzi ta makamera a nthawi imeneyo.

Palibe ankaganiza za gulu la anthu 40 likutumizirana mavidiyo a ukwati.

Ubwino wa njira ziwirizi unali umodzi: zinalibe mwini. Foni ya kampani iliyonse, pa netiweki iliyonse, inkatha kulandira.

Kusiyana kwa America ndi maiko ena kunabwera ndi mtengo. Kumeneko makampani a netiweki anayamba kuphatikiza ma SMS opanda malire mu ndalama yolipira pamwezi. Munthu sankaona chifukwa chofunira njira ina. Ku India, ku Brazil, ku Ulaya ndi kuno ku Africa, SMS iliyonse inkadya mayunitsi, ndipo yopita kunja kwa dziko inkadula koposa. Jan Koum ndi Brian Acton atayambitsa WhatsApp mu 2009, anthu a m'maiko amenewa anathamangirako. Inkagwira pa iPhone, pa BlackBerry, pa Nokia ndi pa Android.

Apple inatulutsa iMessage mu 2011. Inachenjera poiika mu pulogalamu yomweyo ya SMS. Mwini foni sasankha kanthu. Akalembera wa iPhone mnzake, uthenga umadzera pa intaneti n'kuoneka wa buluu. Akalembera wina aliyense, umadzera njira yakale n'kuoneka wobiriwira.

Panali kale kampani ina imene inayesa kutsekera anthu m'foni zake. BlackBerry ya ku Canada inali ndi pulogalamu yake ya mauthenga yotchedwa BBM kuyambira 2005, ndipo ambiri amakumbukira masiku opemphana PIN. Kampaniyo inachedwa kutsegulira ena chitseko mpaka Okutobala 2013, pomwe anthu anali atasamukira kale ku WhatsApp. BBM ya anthu wamba inatsekedwa pa 31 Meyi 2019.

Akulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma Apple inawerenga nkhani ya BlackBerry mwanjira ina.

Zimene makalata anaulula

Mu 2020 kampani ya Epic Games, eni masewero a pa foni ndi kompyuta otchedwa Fortnite, inasumira Apple pa nkhani ya ndalama zimene Apple imadula pa malonda a mu App Store, sitolo yake ya mapulogalamu. Mlanduwo unamvedwa ku Oakland mu 2021, ndipo unachititsa kuti maimelo a akuluakulu a Apple awerengedwe poyera.

Zinadziwika kuti mu 2013, Eddy Cue, mmodzi wa akuluakuluwo, ankafuna kuti iMessage ipangidwenso ya Android. Craig Federighi, woyang'anira mapulogalamu, anatsutsa. Nkhawa yake inali yakuti kutero kuchotsa chimene chimaletsa makolo a iPhone kugulira ana awo mafoni a Android. Mu 2016 Phil Schiller, woyang'anira zamalonda, analemba kuti kupititsa iMessage ku Android kudzapweteka Apple kuposa kuithandiza.

Luso linalipo. Chifuniro ndicho chinalibe.

Amene anagwiritsapo ntchito foni masiku a Celtel ndi Zain akudziwa kuwerengera kotere. Kuimbira mnzako wa netiweki ina kunkadula kwambiri, moti mabanja ankagwirizana kugula SIM za kampani imodzi, ndipo ena ankayenda ndi mafoni awiri m'thumba. Kampani imadziwa kuti ikagwira abale ako, yakugwira iwe.

Ngakhale kuchoka kunali kovuta. Anthu amene anagulitsa iPhone n'kugula Android ankapeza kuti mauthenga a anzawo akupitabe ku iMessage n'kusowa m'njira. Nkhaniyi inafika ku khoti, ndipo mu Novembala 2014 Apple inatsegula tsamba loti munthu azichotserapo nambala yake.

Apple nayo ili ndi mbali yake. Imati iMessage ndi yotetezeka chifukwa kampaniyo imayang'anira njira yonse, ndipo mtundu wobiriwira umachenjeza munthu kuti uthenga wake ulibe chitetezo chomwecho.

Google nayo si yoyera m'manja. Kwa zaka zambiri inkatulutsa pulogalamu ya mauthenga n'kuitaya. Kunali Google Talk mu 2005, Hangouts mu 2013, Allo mu 2016 yomwe inatsekedwa mu 2019. Zonsezi zitalephera kupikisana ndi iMessage ndi WhatsApp, m'pamene Google inayamba kulalikira za njira ya aliyense.

Njirayo ndi RCS. Bungwe la GSMA, limene limasonkhanitsa makampani a netiweki a dziko lonse, linayamba kuikonza cha m'ma 2008 kuti ilowe m'malo mwa SMS ndi MMS. Imadzera pa intaneti, imanyamula zithunzi zowala, imadziwa za magulu, ndipo foni ya kampani iliyonse ikhoza kuigwiritsa ntchito. Inakwawa kwa zaka zambiri chifukwa kampani iliyonse inkaipanga mwanjira yake. Google inagula kampani ya Jibe mu 2015, GSMA inatulutsa muyezo umodzi mu 2016, ndipo pang'onopang'ono RCS inalowa m'mafoni a Android.

Kunatsala Apple.

Mu Januwale 2022 Hiroshi Lockheimer, amene ankayang'anira Android ku Google, ananena poyera kuti Apple ikupindula ndi kunyozana kwa ana. Mu Ogasiti chaka chomwecho Google inayamba kampeni ya zikwangwani ndi mavidiyo yochititsa Apple manyazi.

Olowera pawindo

Ena sanadikire.

Mu Novembala 2023 kampani ya mafoni ya Nothing ya ku London inatulutsa pulogalamu yolola wa Android kulowa pa iMessage. Inachotsedwa patangopita masiku ochepa, akatswiri atapeza kuti mauthenga a anthu sanali otetezeka.

Mwezi wotsatira kunabwera Beeper Mini, ya Eric Migicovsky. Maziko ake anali ntchito ya mwana wa sukulu wa zaka 16 amene anatulukira momwe iMessage imayendera. Kwa masiku atatu, anthu a Android anaoneka a buluu. Apple inatseka bowolo, n'kunena kuti likuika chitetezo cha anthu ake pachiswe. Beeper inaboola pena. Apple inatsekanso. Disembala asanathe, Beeper inagonja.

Koma mphepo inali itatembenuka kale. Pa 16 Novembala 2023, Apple inalengeza kuti iPhone idzayamba kulandira RCS. Sinanene kuti yakakamizidwa. Komabe chilengezocho chinabwera nthawi imene bungwe la European Union linkaunika ngati iMessage iyenera kulowa pansi pa lamulo latsopano la makampani akuluakulu a intaneti, komanso boma la America likumaliza kufufuza kwake.

Pa 21 Malichi 2024, unduna wa zachilungamo wa America pamodzi ndi zigawo zingapo unasumira Apple ku khoti la ku New Jersey. Mwa zina, unati kampaniyo imaipitsa dala mauthenga a pakati pa iPhone ndi Android kuti anthu aziopa kuchoka. Apple ikukana mlanduwo. Mu Juni 2025 woweruza anakana pempho la kampaniyo loti mlanduwo uthetsedwe.

Chasintha n'chiyani?

Pa 16 Sepitembala 2024 kunatuluka iOS 18, ndipo RCS inalowa mu iPhone.

Gulu la anthu khumi lija linapuma. Zithunzi ndi mavidiyo zimafika zooneka. Wolemba amaoneka kuti akulemba. Gulu likhoza kupatsidwa dzina, ndipo wotopa nalo akhoza kutuluka. Mauthenga amayenda ngakhale pa Wi-Fi. Mu Meyi 2025 Google inalengeza kuti ku America kokha mauthenga a RCS opitirira 1 biliyoni amatumizidwa tsiku lililonse.

Kabokosi kakadali kobiriwira.

Ndipo pali zotsala zenizeni. RCS pa iPhone imagwira pokhapokha kampani ya netiweki ya mwini foniyo itavomereza ndi kukonza mbali yake. Pa gulu pakakhala munthu mmodzi amene foni kapena netiweki yake ilibe RCS, onse amabwerera ku MMS.

Nkhani yaikulu inali ya loko. Pamene RCS inkalowa mu iPhone, uthenga wochoka pa iPhone kupita pa Android unalibe chitetezo choti wotumiza ndi wolandira okha ndiwo auwerenge. Mu Disembala 2024 izi zinasiya kukhala nkhani ya akatswiri okha. Boma la America linaulula kuti akuba a pa kompyuta, amene linati ndi ogwirizana ndi boma la China, analowa m'makina a makampani akuluakulu a netiweki monga AT&T ndi Verizon. China inakana. Akuluakulu a FBI ndi a bungwe la CISA analangiza anthu kuti azigwiritsa ntchito mapulogalamu okhoma mauthenga.

Kukhoma uthenga wa anthu awiri n'kosavuta poyerekeza ndi wa gulu. Pa gulu, wina akalowa kapena kutuluka, makiyi onse ayenera kusinthidwa, kuti wotuluka asawerengenso za mawa ndipo wolowa asawerenge za dzulo. Zonsezi zichitike pa mafoni a makampani osiyana, ena ali ozima, ena ali kopanda netiweki. Bungwe la IETF, lokonza miyezo ya intaneti, linamaliza njira yochitira zimenezi yotchedwa MLS mu Julaye 2023. Mu Malichi 2025 GSMA inaiika mu muyezo watsopano wa RCS, ndipo Apple ndi Google analonjeza kuutsatira.

Kunoko

Yendani mu msewu wa Malangalanga ku Lilongwe kapena m'mbali mwa msika wa Limbe. Timatebulo ta galasi tadzaza mafoni, machaja, makava ndi mabatire. Anyamata okonza mafoni awerama pa timawaya. Mverani zimene ogula amafunsa.

Imasunga moto?

Imalowa ma SIM angati?

WhatsApp imatheka?

Za buluu ndi zobiriwira palibe amazitchula. Mafoni ochuluka pa matebulowa ndi a Tecno, itel ndi Infinix, onse a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, yomwe imatsogola pa malonda a mafoni amakono mu Africa. Ma iPhone ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Ndipo wogula iPhone, chinthu choyamba chimene amaikamo ndi WhatsApp.

Pa WhatsApp mpamene moyo wa magulu uli. Banki m'khonde imakumbutsana tsiku lobweza ngongole. Amayi a Mvano, kwaya ndi mphakati amapangana za Loweruka. Maliro akagwa, gulu limatsegulidwa usiku womwewo, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imaikidwa, ndipo aliyense akatumiza chipepeso amaponya chithunzi cha risiti, wa ku Cape Town, wa ku Dublin ndi wa ku Mchinji mofanana. Wosadziwa kulemba amajambula mawu. Kuyambira 2016 mauthenga onsewa ndi okhomedwa, ndipo kuyambira 2022 gulu limodzi likhoza kukwana anthu 1,024.

Vuto limene America yalimbana nalo zaka 13, ife tinalidumpha osadziwa.

Koma tili ndi mipata yathu.

Woyamba ndi wa foni yokalamba. WhatsApp imasiya mafoni akale chaka ndi chaka. Inasiya BlackBerry ndi Nokia, inasiya Windows Phone kumapeto kwa 2019. Mu Okutobala 2023 inasiya mafoni a Android otsika kuposa 5.0. Mu 2025 inasiya iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus, komanso timafoni ta mabatani toyendera KaiOS timene tinapangidwira anthu opeza movutikira. Ku London foni ya zaka khumi ili m'kabati. Ku Nsanje ndi imene mwana anasiyira mayi ake, ndipo ikugwirabe ntchito. Tsiku lina imangolemba kuti pulogalamu yatha nthawi, ndipo mwini wake wachoka pa magulu onse popanda womuchotsa.

Wachiwiri ndi wosintha foni. Mauthenga a WhatsApp a pa Android amasungidwa ku Google Drive, a pa iPhone ku iCloud, ndipo nkhokwe ziwirizi sizipatsana. Kwa zaka zambiri wochoka ku mtundu wina kupita ku unzake ankataya mbiri yonse: malisiti, mapangano a malonda, mawu a malemu. Njira yovomerezeka yosamutsira inayamba mu 2021 kwa ochoka pa iPhone kupita pa Samsung, ndipo ya mbali inayo inabwera mu 2022. Mpaka lero imafuna kuti mafoni onse awiri akhale pafupi ndipo yakaleyo ikhale yamoyo. Amene foni yake yabedwa m'basi kapena yagwera m'madzi sathandizika nayo.

Wachitatu ndi bandulo. Makampani a netiweki kuno akhala akugulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp ndi masamba ena a mchezo. N'chifukwa chake wina akaponya adiresi ya tsamba la intaneti pa gulu, ena amapempha kuti angojambula zomwe zalembedwazo, poti kwa iwo sizitseguka. N'chifukwa chakenso kusamutsa gulu kupita ku pulogalamu ina monga Signal kumalephereka. Mtengo unasankha kale kumene tizikumana.

Wachinayi ndi waukulu kuposa yonse. Kumidzi anthu ambiri akadali ndi foni ya mabatani yolandira SMS ndi kuimba basi, ndipo ena alibiretu. Gulu la banja likhoza kugwirizana tsiku loika maliro, mtengo wa bokosi ndi galimoto yonyamula anthu, mwini mbumba asanamve. Amamva mdzukulu akamuimbira, zonse zitatha kale.

Kwa eni kulibe mkuwe

Palinso china chimene sitikonda kuchiganizira. WhatsApp imagwira pa foni ya mtundu uliwonse, koma simvana ndi Telegram, Signal kapena iMessage. Imelo ya Gmail imafika ku Yahoo. Foni ya TNM imaimbira ya MTN ku Zambia. Uthenga wa WhatsApp umathera pa WhatsApp.

Ndipo WhatsApp ili ndi mwini. Facebook, yomwe tsopano ndi Meta, inaigula mu 2014 pa mtengo umene unalengezedwa kuti ndi madola 19 biliyoni.

Mu Januwale 2021 kampaniyo inalengeza malamulo atsopano a momwe imagwiritsira ntchito mbiri ya anthu. Mamiliyoni anakwiya n'kutsegula Signal ndi Telegram. Ambiri anabwerera, chifukwa magulu awo sanasamuke nawo.

Pa 4 Okutobala 2021 makina a Facebook anasokonekera. WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima pafupifupi maola 6 dziko lonse. Ochita malonda a pa foni anangogwira m'chiuno.

Pafupifupi miyezi iwiri izi zisanachitike, pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp ndi masamba ena a mchezo zinatsekeka m'dzikolo, mpaka khoti lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe. Mtundu wonse ukamalankhulira pa khomo limodzi, wofuna kuutontholetsa savutika.

Ku Ulaya anaona zimenezi n'kupanga lamulo. Digital Markets Act inayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo mu Sepitembala 2023 makampani 6 anatchulidwa kuti ndi akuluakulu ofunika kuwayang'anira: Alphabet, Amazon, Apple, ByteDance, Meta ndi Microsoft. Lamuloli limakakamiza WhatsApp ndi Messenger kulola mapulogalamu ena kutumiza ndi kulandira mauthenga kwa anthu awo. Linaika ndondomeko: poyamba mauthenga a anthu awiri, pakatha zaka ziwiri magulu, pakatha zaka zinayi kuimbirana. Magulu anapatsidwa nthawi yaitali chifukwa cha nkhani ya makiyi ija.

iMessage inapulumuka. Mu Febuluwale 2024 akuluakulu a European Union ku Brussels anagamula kuti siyofala mokwanira pa malonda a ku Ulaya kuti ilowe pansi pa lamulolo.

Kumapeto kwa 2025 Meta inalengeza kuti yayamba kulumikiza WhatsApp ndi timapulogalamu tiwiri tating'ono, BirdyChat ndi Haiket. Mwayiwu ndi wa anthu a ku Ulaya okha. Nambala yoyamba ndi +265 kapena +260 siikhudzidwa.

Mbiri yonseyi ikuonetsa chinthu chimodzi. Makampaniwa anatsegula zitseko pamene makhoti, opanga malamulo ndi opikisana nawo anawapanikiza, ndipo anatsegulira okhawo amene anali ndi owalankhulira. Wachinyamata wa ku Texas wa foni ya Samsung anali ndi Google komanso boma lake. Wa ku Berlin anali ndi Brussels. Mayi wa ku Ntchisi amene foni yake yasiyidwa ndi WhatsApp alibe mlandu ku khoti lililonse.

Choncho mpata umene makina asiya amautseka ndi anthu. Msungichuma wa banki m'khonde amene amalembabe ngongole m'kope ngakhale zonse zili pa gulu. Mlembi wa mpingo amene amasunga manambala papepala. Mdzukulu amene amaimbira agogo gulu lisanagamule kanthu, osati litagamula.

Kulowetsa anthu pa gulu aliyense amatha. Admin weniweni ndi amene amadziwa mayina a amene sali pa gululo, ndipo amakhala ndi mayunitsi owaimbira.